Bwanji Mbombwe yense atawerenga buku limodzi?

Pa 15 Januwale chaka chilichonse, msewu wa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu umachita kuchepa ndi galimoto. Akuluakulu a boma, abusa, makwaya ndi atolankhani amakhamukira ku Providence Industrial Mission, komwe aliyense amangoti ku PIM, kukakumbukira mbusa John Chilembwe. Amapemphera, amayala nkhata, ndipo zolankhula zawo zimamveka pa wailesi dziko lonse. Dzuwa likapendeka alendowo amabwerera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, n'kutsala eni dera: zidzukulu za anthu omwe adagwira thangata m'minda ya thonje ku Magomero, omwe adaphunzira a, e, i, o, u m'sukulu za Chilembwe, ndi omwe adathawira kutchire midzi yawo ikutenthedwa mu 1915.

Mbiri ya anthu amenewa idalembedwa, ndipo adailemba ndi akatswiri. George Shepperson ndi Thomas Price adatulutsa Independent African mu 1958. Zomwe George Simeon Mwase adalemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 zidasindikizidwa mu 1967 pa mutu woti Strike a Blow and Die. Landeg White adalemba Magomero mu 1987, ndipo D.D. Phiri adatulutsa Let Us Die for Africa mu 1999. Onse anayiwo ndi a Chingerezi, ndipo atatu adasindikizidwa kutsidya kwa nyanja. Mayi wogulitsa tomato pamsika amaigwira nkhope ya Chilembwe tsiku ndi tsiku pa K500 ndi pa K2,000, koma zomwe zili m'mabukumo, zokhudza agogo ake enieni, zimangomudutsa patali.

Nanga bwanji dera lonse, kuyambira a mfumu mpaka mwana wa Sitandade 8, litagwirizana kuwerenga nkhani imeneyi pa nyengo imodzi, m'chinenero chomwe limalankhula, n'kumakumana kukambirana zomwe ikunena pa tsankho ndi pa kukhalira limodzi kwa mitundu?

Mzinda wonse, buku limodzi

Ena adayesa kale. Mu 1998 laibulale ya mzinda wa Seattle ku America, motsogozedwa ndi Nancy Pearl, idapempha anthu a mumzindamo kuti awerenge buku limodzi pa nthawi imodzi, kenako azisonkhana m'timagulu n'kukambirana. Adayamba ndi The Sweet Hereafter la Russell Banks. Mu 2001 mzinda wa Chicago udatengerapo phunziro n'kusankha To Kill a Mockingbird la Harper Lee, nkhani ya mwamuna wakuda wa ku Alabama yemwe akumunamizira kuti adagwiririra mkazi wachizungu. Kuchokera apo mizinda yambiri, masukulu ndi mipingo idayamba kuchita chimodzimodzi, ndipo mabuku okamba za kusalana ndiwo amasankhidwa kawirikawiri.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Palibe amene amadzuka pamsonkhano n'kunena kuti "ine ndili ndi tsankho." Koma ukamupatsa munthu nkhani ya wina, amamasuka: amadzudzula, amaikira kumbuyo, amatsutsana ndi anzake, mpaka mosazindikira wayamba kukamba za iye mwini. Agogo athu ankachita zomwezi ndi nthano za pamoto. Ankanena za dyera la fisi, koma wadyera wa pabanjapo ankadzimva yekha popanda womuloza chala.

Kuno kwathu ntchito yolimbikitsa kuwerenga ilipo. National Library Service yakhala ikubwereketsa mabuku kuyambira mu 1968. Sukulu za kwacha zaphunzitsa amayi ndi abambo ambiri kulemba maina awo. Mu 2016 unduna wa zamaphunziro udakhazikitsa National Reading Programme kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 azidziwa kuwerenga msanga. Zonsezi n'zofunika, koma zimathera pa kudziwa zilembo ndi kupeza buku. Chomwe chikusowa ndi bwalo loti anthu akawerenga akhale pansi n'kufunsana: kodi zimenezi zikutikhudza bwanji ife?

Komwe sukulu idali mlandu

Ngati pali malo oyenera bwalo lotere m'Malawi muno, ndi ku Mbombwe. John Chilembwe adabadwira ku Chiradzulu konkuno cha m'ma 1871. Mu 1892 adayamba ntchito kwa Joseph Booth, mmishonale wa ku England yemwe Azungu anzake ankamuona ngati wosokoneza chifukwa ankalalikira kuti Africa ndi wa Aafirika. Mu 1897 awiriwa adapita ku America, komwe Chilembwe adakaphunzira pa Virginia Theological Seminary and College ku Lynchburg, sukulu ya anthu akuda. Kumeneko adaona ndi maso momwe lamulo linkalekanitsira anthu potengera khungu, komanso adaona anthu akuda akudziyendetsera okha masukulu, mipingo ndi nyuzipepala.

Atabwerera mu 1900, adagula malo ku Mbombwe n'kuyambitsa mishoni mothandizidwa ndi National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda a ku America. Mpingowo udamutumizira Landon Cheek mu 1901 ndi Emma DeLaney mu 1902. Adatsegula sukulu m'midzi yozungulira, momwe ana ndi akulu mazanamazana ankaphunzira. Mkazi wake, Ida, ankaphunzitsa amayi kusoka. Pofika mu 1913 tchalitchi chachikulu cha njerwa chidali chitaima, chomangidwa ndi manja a anthu akuda popanda Mzungu woyang'anira.

Chakumpoto kwa mishoniyo kudali minda ya A.L. Bruce Estates ku Magomero. Mwini wake, Alexander Livingstone Bruce, adali mdzukulu wa David Livingstone, ndipo woyang'anira adali William Jervis Livingstone, yemwe anthu ankamutcha Listonia. Aliyense wokhala pamalo a esiteti ankalipira lendi ndi thukuta lake. Miyezi ya thangata inkangowonjezeka monga bwana wafunira, malipiro ankabwera mochedwa kapena ngati fodya m'malo mwa ndalama, ndipo chikoti sichinkakhala patali. Koma chomwe chimadabwitsa kwambiri wowerenga wa lero n'chakuti Bruce sankalola sukulu pamalo ake. Nyumba zaudzu zomwe anthu a PIM ankamanga kuti azipempheramo ndi kuphunziriramo zinkatenthedwa. Eni minda adadziwa kuti wantchito wodziwa kuwerenga amatha kuwerengetsa masiku omwe wagwira, n'kufunsa chifukwa chomwe tikiti yake sikudzaza.

Tsankholo linkafika mpaka pamutu. Munthu wakuda akakumana ndi Mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, ndipo wonyozera ankatha kumenyedwa. Pali chithunzi cha mu 1914 chomwe Chilembwe adajambulitsa pamodzi ndi mmishonale John Chorley, onse awiri atavala zipewa. Chithunzi chimenecho ndicho Samson Kambalu, mmisiri wa ku Malawi, adachisandutsa chosema chotchedwa Antelope, chomwe chidaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu Sepitembala 2022. Anthu a ku London adayamba kufunsa kuti Chilembwe adali ndani ndipo chipewacho chikutanthauzanji. Ndi ana angati a ku Chiradzulu omwe angayankhe funso lachiwirilo?

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, asilikali akuda adafa ku Karonga mu Sepitembala 1914 pomenyana ndi Majeremani. Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo yosawakhudza, n'kusiya amasiye omwe boma lidzawafunsabe msonkho. Boma lidaitsekereza kalatayo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira. Ku Magomero adapha Livingstone ndi Azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, koma akazi ndi ana awo sadawavulaze. Gulu lina lidapita kukalanda mfuti ku Mandala mu Blantyre, koma lidangopeza zochepa. Pa 3 Febuluwale Chilembwe adawomberedwa akulowera cha ku malire a Mozambique. Anthu pafupifupi 40 adanyongedwa kapena kuwomberedwa atazengedwa milandu, ena pafupifupi 300 adamangidwa, ndipo tchalitchi cha njerwa chija chidaphulitsidwa.

Mishoni ya mitundu yonse

Pa zikondwerero timakonda kukamba za Mzungu ndi munthu wakuda basi. Mabuku aja amaonetsa kuti nkhaniyi ili ndi mbali ina, yomwe ndiyo ingatithandize kwambiri lero.

Chiradzulu ndi mphambano. Amang'anja adalipo kale pomwe Ayao ankafika kuchokera kum'mawa chapakati pa zaka za m'ma 1800, nthawi ya malonda a minyanga ndi akapolo. Angoni ankabwera kudzachita nkhondo, anthu n'kumathawira m'mapiri. Bishopu Charles Mackenzie atamanga mishoni yake yoyamba ku Magomero mu 1861, adayamba ndi anthu omasulidwa m'magoli a ukapolo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900, Alomwe adawoloka malire ambirimbiri kuthawa msonkho, ntchito yokakamiza ndi nkhanza za Apwitikizi, komanso njala. Popeza adalibe malo awoawo, ambiri adakakhala m'maesiteti, ndipo thangata lidawagwera iwo koposa onse. Olemba mbiri amati Chilembwe mwini adali mwana wa bambo wa Chiyao ndi mayi wa Chimang'anja.

Alomwewo sankanyozedwa ndi Azungu okha. Anansi awo akuda ankawaitana ndi dzina lachipongwe loti Anguru, ankawaseka pa zakudya ndi pa kalankhulidwe, moti ambiri adasiya chinenero chawo n'kumadzitchula kuti ndi Ayao kapena Anyanja. Padafunika khama la Lewis Bandawe ndi anzake a m'bungwe la Alomwe kuti m'zaka za m'ma 1940 boma lisiye kulemba dzina lija m'makalata ake. Komatu anthu onyozekawa ndiwo adadzaza mpingo wa Chilembwe. Pa PIM, Mlomwe, Myao ndi Mmang'anja ankakhala pa benchi limodzi, kuphunzitsidwa ndi mayi wakuda wochokera ku America. Pa nthawi ya kuukira, John Gray Kufa, dikoni wa mishoni ya Blantyre wophunzira zachipatala, adali nawo, ndipo ku Ntcheu, m'dziko la Angoni, Filipo Chinyama adakonza gulu lake.

Ngakhale kuuka kwa mishoniyi kudali kotero. Daniel Malekebu, mnyamata wa ku Chiradzulu yemwe adatsatira Emma DeLaney mpaka ku America, adamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College mu 1917. Adakwatira Flora Zeto, wobadwira ku Congo ndi kukulira ku America. Awiriwa ndiwo adadzatsegulanso PIM mu 1926, patatha zaka 11 pamalopo pali zii. Mbombwe yemwe tikumudziwa lero adamangidwa ndi anthu omwe pa chinenero cha masiku ano ena akadawatcha obwera.

Lathu tsankho sitilitchula

Kudzudzula Listonia n'kosavuta, poti adafa kalekale ndipo alibe mbale pamudzi. Bwalo lowerenga limayamba kugwira ntchito pomwe wina wafunsa kuti: nanga ife chilandirireni ufulu mu 1964 tatani?

Mu 1967 boma lidaletsa mpingo wa Mboni za Yehova. M'zaka za m'ma 1970 anthu ake adamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana kugula makadi a chipani, ndipo omwe ankawamenyawo adali anansi awo. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi mpaka 1994. Mu 1989 aphunzitsi adalamulidwa kubwerera m'zigawo zakwawo, a ku Mpoto atanenezedwa kuti akuphunzitsa mwa dala moperewera ana a zigawo zina. Pa chisankho cha 1994 mavoti adagawikana motsata zigawo, ndipo chizolowezicho sichidatheretu. Kuyambira mu 2014 dziko lidachita manyazi ndi kuphedwa kwa anthu achialubino, kangapo konse achibale omwe akukhudzidwa. Ndipo pomwe abale athu ankathamangitsidwa ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, n'kubwera pa mabasi ali chimanjamanja, tidalira kuti akutisala, osadzifunsa momwe ife timawatchulira anthu a ku Burundi, Rwanda ndi Congo omwe akhala ku Dzaleka m'boma la Dowa kuyambira mu 1994.

Tili nazonso zonyadira. Nkhondo ya ku Mozambique itakula, dziko laling'onoli lidalandira othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ambiri n'kumakhala m'midzi pakati pa eni nthaka. Maukwati a pakati pa mitundu ali ponseponse, ndipo Asilamu ndi Akhristu amakumbirana manda. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amaletsa kusala munthu pa ndime 20, ndipo ndime 26 imapatsa aliyense ufulu wa chinenero ndi chikhalidwe chake. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Alomwe ndi mtundu wachiwiri pa kukula, pafupifupi anthu 19 mwa 100 alionse, kutsatira Achewa omwe ndi 34, pomwe Ayao ndi 13. Palibe mtundu ndi umodzi womwe umafika theka. Mulhako wa Alhomwe umasonkhana ku Chonde m'boma la Mulanje, Achewa amapita ku Kulamba, Angoni ku Umhlangano ndi ku Umthetho. Kukonda zakwanu si mlandu. Koma miyambo imeneyi imasonkhanitsa aliyense ndi anzake a mtundu wake. Malo omwe anthu osiyana angakhale pamodzi kukamba za kusiyana kwawoko ndi ochepa.

Mafunso opanda yankho limodzi

Nkhani ya 1915 ndi yabwino kuiwerengera pagulu chifukwa siyosalala. Mutu wa Livingstone udadulidwa n'kupita nawo ku Mbombwe, ndipo Chilembwe adalalikira Lamulungu lotsatira uli pomwepo. Kodi mbusa angatero? Patapita masiku ochepa gulu lina lidakatentha mishoni ya Akatolika ku Nguludi n'kuvulaza wansembe. Mkatolika wa ku Nguludi ndi Mbaptisti wa ku PIM angaikambe bwanji nkhani imeneyi lero? Ambiri mwa asilikali ndi apolisi omwe adasaka Chilembwe adali akuda, ndipo mafumu ambiri adakhala mbali ya boma. Zidzukulu zawo zili m'midzi yomweyi. Kodi agogo awo adali ogulitsa anzawo, kapena anthu oteteza ana awo?

Mafunso oterewa sangafunsidwe pansanja pa mwambo wa boma. Amafuna gulu laling'ono, wotsogolera woleza mtima, ndi lamulo loti aliyense amalize mawu ake. Amafunanso kusamala, poti zilonda za malo ndi za ufumu m'maboma a Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje sizidapole. Chiradzulu ndi boma laling'ono koma lokhala ndi anthu oposa 350,000, ndipo kuchepa kwa minda kumeneku mizu yake ili m'maesiteti omwe aja. Wotsogolera zokambirana asakhale wa chipani, asakhalenso wofuna kuti gulu lonse litsirize ndi maganizo ake.

Zingayende bwanji?

Chopinga choyamba ndi chinenero. Pafunika buku lalifupi la Chichewa chomveka, lotanthauziridwa mwa chilolezo kuchokera m'mabuku alipowa kapena lolembedwa mwatsopano ndi akatswiri a mbiri, monga a ku University of Malawi ku Zomba, komwe kulinso Centre for Language Studies ndi nyumba yosungira zolemba zakale ya National Archives. Umboni womwe anthu adapereka ku komiti yofufuza za kuukirako mu 1915 ndi chuma pachokha, chifukwa m'menemo mukumveka mawu a anthu akuda eni ake akufotokoza za chipewa, chikoti ndi msonkho. Mitu ina itamasuliridwanso mu Chiyao ndi Chilomwe, uthenga wa bukulo ungayambe kumveka lisadatsegulidwe n'komwe.

Chachiwiri ndi kusadziwa kuwerenga. Malinga ndi kalembera wa 2018, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse sadziwa kuwerenga ndi kulemba. Koma Amalawi akhala akuwerengerana mokweza kwa zaka zoposa 100. Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922, ndipo ambiri omwe amalidziwa pamtima adalimva ndi makutu. Mwana wa sekondale akhoza kuwerengera agogo ake mutu umodzi, agogowo n'kumubwezera zomwe adamva kwa makolo awo, zomwe m'buku mulibe. Landeg White adachita kukhala pansi ndi anthu a ku Magomero kuti alembe buku lake. Okalamba odziwa nkhani zotere akutha, ndipo foni ya m'manja ndi yokwanira kujambula mawu awo.

Chachitatu ndi ndalama. Buku ndi lodula kwa munthu yemwe akusakasaka ya feteleza. Komatu sipafunika kuti aliyense akhale ndi lake. Magulu alipo kale: amayi a mumpingo amakumana mkati mwa sabata, a banki m'khonde amakumana tsiku lawo, kuli madrasa, makalabu a achinyamata, magulu omvera wailesi ndi makomiti a chitukuko. Mabuku awiri kapena atatu pa gulu, ndi wailesi ya m'dera yowerenga mutu umodzi sabata iliyonse, zingafikire anthu ambiri kuposa laibulale yomangidwa ndi mamiliyoni. Chofunika n'chakuti kamodzi pa mwezi maguluwo azisakanikirana: a ku mzikiti akhale ndi a ku tchalitchi, a m'mudzi wa Ayao apite kwa Alomwe, aphunzitsi ochokera ku Mpoto ndi ku Chigawo cha Pakati akhale nawo ngati eni nkhani, osati alendo oitanidwa. Nyengo yabwino ndi ya pambuyo pa kukolola, ntchito ya kumunda itachepa.

Chaka chotsatira dera likhoza kusankha buku lina, mwina la wolemba wa ku Mpoto, mwina nkhani za othawa nkhondo, mwina za munthu wachialubino wolemba za moyo wake. Osankha akhale anthu eni ake, osati ofesi ya ku Lilongwe kapena bungwe lobwera ndi ndalama za masiku atatu.

Palibe buku lomwe lidathetsapo tsankho palokha. Ku Chicago adawerenga, koma kusalana kudakalipo. Phindu la ntchito yotere silingayezedwe ndi chiwerengero cha mabuku ogawidwa kapena zithunzi za tsiku lotsegulira. Lidzaoneka pa bwalo la mfumu, pomwe mkamwini wochokera kutali akukanganirana munda ndi eni mbumba, pabanja, pomwe mwana wabweretsa chibwenzi cha mtundu wina kapena chipembedzo china, pamzere wovota, pomwe wandale wayamba kunena kuti "uyu si wathu." Ngati pa nthawi zoterezi papezeka anthu angapo okumbukira kuti mawu omwewo adanenedwapo kwa agogo awo, n'kulimba mtima kuwatsutsa, ndiye kuti kuwerengako sikudapite pachabe.